Malo Ojambulirapo Cithunzi ca Malonda mu Mzinda wa Tete

Tete ndi mzinda waukulu. Uli m'mphepete mwa mtsinje wa Zambezi. Mu mzindamo muli anthu ambiri ocita malonda ang'onoang'ono. Ena amasoka zovala. Ena amakonza njinga ndi nsapato. Ena amameta tsitsi. Ena amagulitsa mbatatesi, kabici ndi tomato zocokera ku Angónia ndi ku Tsangano. Enanso amagulitsa nsomba zouma zocokera ku Cahora Bassa.

Anthu onsewa amafuna cinthu cimodzi. Amafuna kuti ogula awadziwe ndi kuwapeza.

Kale munthu ankalemba dzina lake pa thabwa ndi penti. Ankakhoma thabwalo pa khomo, basi. Wofuna cithunzi ankapita kwa wojambula. Ankalipira, nadikira masiku angapo kuti cithunzi citsukidwe. Lero mafoni ambiri ali ndi kamera. Cithunzi cimaturuka nthawi yomweyo. Mwini malonda amacitumiza kwa anthu pa WhatsApp kapena pa Facebook. Ena amacisindikiza ndi kuciika pa cikwangwani.

Kujambula tsopano n'kosavuta. Koma funso limodzi likadali lovuta. Kodi munthu aime pati pojambulidwa?

Cithunzi cimalankhula

Cithunzi ciribe pakamwa, koma cimalankhula. Ngakhale munthu wosadziwa kuwerenga amamva zimene cikunena. Mu Tete zimenezi n'zofunika kwambiri, pakuti anthu ake amalankhula zinenero zosiyana. Ambiri amalankhula Cinyungwe. Ena amalankhula Cinyanja, ena Cisena, ena Cipwitikizi. Mawu olembedwa pa cikwangwani samveka kwa onse. Koma cithunzi ca makina osokera cimamveka kwa aliyense. Cimamveka ngakhale kwa mwana amene sanayambe sukulu.

Cithunzi ca malonda cimayankha mafunso atatu. Kodi munthu uyu ndani? Amacita ciyani? Amapezeka kuti? Nkhope imayankha funso loyamba. Manja ndi zida zimayankha funso laciwiri. Funso lacitatu limayankhidwa ndi malo, ndiye kuti zinthu zimene zikuoneka kumbuyo kwa munthuyo. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwa.

Naci citsanzo. Mayi wina amasoka zovala ku Matundo, kutsidya kwa mtsinje. Amasokera pa khonde la nyumba yake. Khondelo ndi laling'ono. Khoma lake ndi la njerwa zosapaka. Mayiyo akucita nalo manyazi. Tsono wavala bwino, wakwera xapa, waoloka mlatho. Wakaima patsogolo pa hotela ina yokongola pakati pa mzinda. Cithunzi caturuka cokoma zedi. Magalasi akunyezimira. Maluwa ali m'mbali.

Nanga cithunzico cikunena ciyani? Makina osokera mulibe. Nsalu mulibe. Lumo mulibe. Munthu wina akaciona akuganiza kuti mayiyo amagwira nchito ku hotela. Wina akuganiza kuti mtengo wake ndi wokwera, ndipo akuopa kufunsa. Wina watenga kapulana yake, wapita ku hotelako. Wafunsa alonda a pa cipata, koma alonda sakumudziwa mayiyo. Munthu uja wabwerera, wakasoketsa kwa wina.

Mayi wosoka wataya ndalama ya xapa. Wataya ndalama yosindikizira cithunzi. Wataya ndi wogula yemwe. Tsiku limenelo ndiwo zicepa m'mbale.

Bwenzi zitakhala bwino akanajambulidwa pa khonde lake lomwelo. Akanasesa, nakhala pa makina, napacika madiresi awiri osokasoka pa cingwe. Njerwa zosapaka sizinyozetsa munthu. Wogula safuna khoma. Amafuna kuona msoko wowongoka, ndiponso khomo limene akagogode.

Mlatho ndi malo ena odziwika

Mzinda uliwonse uli ndi malo amene anthu amaudziwira. Ku Tete malo odziwika koposa ndi mlatho wa Samora Machel. Mlathowu unatsegulidwa mu 1973. Ndi wautali mamita oposa 700. Umalendewera pa zingwe zikuluzikulu zacitsulo. Dzina lake la lero ndi la mtsogoleri woyamba wa Mozambiki, dziko litalandira ufulu mu 1975. Mu 2014 anatsegula mlatho waciwiri, wa Kassuende, cakumunsi kwa mtsinje. Magalimoto akuluakulu a katundu amadzera kumeneko.

Munthu akaona mlatho wa zingwe uja pa cithunzi, amati, "Uku ndi ku Tete." Safunsanso. N'cifukwa cake ambiri amakonda kujambulidwa pamenepo.

Kodi mlatho ndi wabwino kwa aliyense wa malonda? Iyayi. Ndi wabwino kwa amene malonda ake amayenda. Mnyamata wonyamula anthu pa njinga yamoto alibe khomo. Nchito yake iri pa msewu, ndipo amaoloka mlathowo kangapo pa tsiku. Iye akaima ndi njinga yake, mlatho ukuoneka capatali, cithunzi cikunena zoona. Ndi wabwinonso kwa munthu amene amatumiza katundu kutali, ku Chimoio, ku Beira kapena ku Blantyre. Ogula ake sadzabwera pa khomo. Iwo amangofuna kudziwa kuti nsomba kapena masau zikucokeradi ku Tete.

Koma wometa tsitsi sapindula kanthu ndi mlatho. Ogula ake ndi anansi ake. Onse amadziwa kale kuti ali ku Tete. Cimene sadziwa ndi kanjira kopita ku kanyumba kake. Mlatho ndi waukulu, ndipo pa cithunzi umameza munthu. Maso amathamangira ku zingwe ndi ku madzi. Wometa uja amangooneka ngati kadontho.

Kwa iye cizindikiro cabwino ndi caching'ono, ca pafupi. Cikhoza kukhala mtengo wa mlambe. Milambe ndi yambiri ku Tete, koma palibe iwiri yofanana, ndipo anthu a m'dera amaudziwa mlambe wao. Cikhoza kukhala thanki ya madzi, cigayo, kapena pamene xapa zimaima. Munthu akaona cithunzi amati, "Oo, ndi paja pafupi ndi cigayo!" Akatero ndiye kuti wafika kale ndi mtima. Miyendo ingotsatira.

Nthawi zina cithunzi cimodzi sicikwanira. Ndi bwino kujambula ziwiri. Cimodzi ndi ca pafupi, coonetsa nkhope, manja ndi nchito. Cina ndi ca pataliko, coonetsa khomo pamodzi ndi cizindikiro cija. Coyamba cimakopa. Caciwiri cimalondolera njira.

Dzuwa la ku Tete

Pali mawu atatu ofanana ngati ana a mimba imodzi: cithunzi, mthunzi ndi cithunzithunzi. Cithunzi ndi cimene kamera imajambula. Mthunzi ndi malo amene dzuwa silikufika, monga pansi pa mtengo. Cithunzithunzi ndi munthu wakuda uja amene amagona pansi, natsata mwini wace kulikonse pa dzuwa. Wofuna cithunzi cabwino ayenera kudziwa mthunzi ndi cithunzithunzi.

Kamera imaona ndi kuwala. Popanda kuwala palibe cithunzi. Koma kuwala kukaculuka, cithunzi cimaonongekanso. Ziri ngati mcere m'ndiwo.

Tete ndi umodzi mwa mizinda yotentha kwambiri mu Mozambiki. Mu Okutobala ndi Novembala kutentha kumapitirira madigiri 40 masiku ambiri. Masana dzuwa limakhala pa liwombo. Munthu akaima pa dzuwa lotere amatsinzina. Amakwinya nkhope ngati wakwiya. Thukuta limanyezimira pa mphumi. Maso amalowa mu mdima, cifukwa kuwala kukucokera pamwamba. Zinthu zoyera zimayereratu mbee. Mpunga, ufa ndi malaya oyera sizionekanso bwino. Ndani angagule kwa munthu wooneka wokwiya, amene katundu wake sakuoneka?

Nthawi yabwino ndi m'mawa ndi madzulo. M'mawa, ca m'ma 7 koloko, dzuwa likadali pansi. Kuwala kwake ndi kofewa. Madzulo, ca m'ma 4 kapena 5 koloko, kumafewanso. Nkhope imaoneka bwino. Mitundu ya kapulana imaturuka yonse.

Palibe cifukwa cokhala ndi wochi. Cithunzithunzi cimanena nthawi. Mwana akhoza kuyesa yekha pa bwalo. Aime pa dzuwa, ayang'ane pansi. Cithunzithunzi cikakhala cacitali kuposa iye mwini, nthawi yojambula ndi yabwino. Cikafupika n'kubisala ku mapazi, ndi bwino kudikira.

Cina cofunika ndi mbali imene dzuwa liri. Dzuwa likhale patsogolo pa wojambulidwa, kapena cam'mbali pang'ono. Lisakhale kumbuyo kwake. Likakhala kumbuyo, thambo limawala ngwee, koma nkhope imada bii. Munthu amaoneka ngati citsa.

Ku Tete zimenezi zimaoneka bwino m'mbali mwa mtsinje. Munthu akakhala mbali ya mzinda, dzuwa limaturukira cakutsidya, kumene kuli Matundo. Tsono amene waima m'mawa, mtsinje uli kumbuyo kwake, dzuwa nalonso liri kumbuyo. Nkhope yake ida. Pamalo omwewo madzulo dzuwa lapita mbali ina, ndipo likuwalira pa nkhope. Malo ndi amodzi, munthu ndi yemweyo, koma zithunzi ziwirizo sizifanana.

Cimodzimodzi ndi khomo la malonda. Khomo silisuntha, koma dzuwa limasuntha. Khomo loyang'ana kum'mawa lijambulidwe m'mawa. Khomo loyang'ana kumadzulo lijambulidwe madzulo. Mu Juni ndi Julayi dzuwa limadzera cakumpoto. Miyezi imeneyo khomo loyang'ana kumpoto limalandira dzuwa tsiku lonse, pamene loyang'ana kumwera limakhala pa mthunzi. Mwini malonda amene wakhala pamalo caka cathunthu amazidziwa kale izi. Amadziwa nthawi imene amasuntha mpando wake.

Nanga ngati munthu sangadikire madzulo? Apite pa mthunzi. Koma mithunzi ndi yosiyana. Mthunzi wa khonde ndi wabwino, cifukwa ndi wofanana ponseponse. Munthu akhale m'mphepete mwake, ayang'ane kunja kumene kuwala kukucokera. Mthunzi wa mtengo wa masamba ang'onoang'ono ndi wonyenga. Dzuwa limadutsa m'mipata ya masamba. Nkhope imakhala ya mawangamawanga ngati nkhanga. M'kati mwa kanyumba ka malata namonso mumakhala mdima, ndipo cithunzi cimaturuka cosaoneka bwino. Ndi bwino kuturutsa tebulo, kuliika pa khomo.

Tsiku la mitambo ndi bwenzi la wojambula. Mitambo imaphimba dzuwa ngati nsalu yopyapyala. Tsiku lotere munthu akhoza kujambulidwa ngakhale masana.

Nyengo nayonso imasintha malo. Mvula ikagwa, kuyambira ca mu Disembala mpaka Marici, udzu umamera ndipo milambe imavala masamba. Koma njira zina zimadzaza matope. M'cirimwe milambe imayoyola masamba, mphepo imautsa fumbi, ndipo thambo limacita mbuu. Wogulitsa zakudya asamale nyengo imeneyi. Mkate wojambulidwa m'mbali mwa msewu wa fumbi supatsa njala. M'mawa kwambiri fumbi limakhala lisanadzuke.

Zimene ziri kumbuyo

Munthu wojambula amayang'ana nkhope yokha. Koma kamera siisankha. Imatenga zonse: dzala la zinyalala, madzi oipa a m'ngalande, galu wogona, zovala zoyanika. Maso a mwini malo anazolowera zinthu izi, ndipo sazionanso. Maso a mlendo amaziona poyamba.

Tsono asanadine foni, wojambula ayang'ane m'ngondya zonse zinayi za cithunzi. Pali zinthu zina zoseketsa. Mtengo wa magetsi ukakhala kumbuyo kwenikweni kwa munthu, umaoneka ngati wamera pa mutu pake. Nthambo za magetsi zimaoneka ngati zikuturuka m'makutu. Mankhwala ake ndi apafupi. Wojambula asunthe phazi limodzi kumanja kapena kumanzere. Mtengo uja ucoka pa mutu.

Coopsa kwambiri ndi cikwangwani ca munthu wina. Wokonza njinga akaima pafupi ndi sitolo ya mnzake, dzina ndi nambala ya foni ya mnzakeyo zimalowa m'cithunzi. Anthu awerenga dzina limenelo. Aimba nambala imeneyo. Iye walipira cithunzi, koma walengeza malonda a wina. Makoma ambiri a mu mzinda anapakidwa mitundu ndi maina a makampani a mafoni kapena a zakumwa. Makoma otere ndi owala, koma amalankhula mokweza kuposa mwini malonda.

Khoma labwino ndi lacete. Likhale la mtundu umodzi, lopanda zolemba. Kapulana iri ndi maluwa ndi mizere yambiri, motero imafuna khoma losalala kumbuyo kwake. Kapulana ikapacikidwa patsogolo pa kapulana inzake, maso amasokonezeka. Cinthu coyera cimafuna malo akuda kumbuyo. Cinthu cakuda cimafuna malo oyera. Mazira amaoneka bwino pa nsalu yakuda. Makala amaoneka bwino pa khoma loyera. Tomato wofiira psuu amakoma pa licero kapena pa mphasa.

Ngati khoma labwino palibe, mphasa yatsopano ikhoza kuimikidwa kumbuyo. Mpanda wa bango nawonso ndi wabwino. Zinthu izi sizifuna ndalama zambiri, ndipo sizinama.

Khoma losalala liri ndi nchito inanso. Limasiya mpata wolembapo dzina ndi nambala ya foni. Munthu aime cam'mbali pang'ono, kuti mawu apeze pokhala. Mawu olembedwa pamwamba pa masamba kapena pa khamu la anthu sawerengeka.

Akumbukirenso kuti anthu ambiri adzaona cithunzico pa foni. Galasi la foni ndi laling'ono ngati cikhatho. Cinthu ca patali cimasowa. Wojambula ayandikire. Ndipo ayambe wapukuta diso la kamera ndi kansalu kofewa, pakuti foni imakhala m'thumba limodzi ndi fumbi ndi thukuta.

Ku msika

Msika wa Kwachena ndi umodzi mwa misika yodziwika ya mu Tete. Ku msika kuli mitundu yonse, kuli phokoso, kuli moyo. Amene amagulitsa kumeneko ajambulidwe komweko, pa benchi lake. Ogula amadziwa msika, ndipo akaona mzere umene iye amakhala, amupeza.

Bvuto la msika ndi kuculuka kwa anthu. Wina akudutsa ndi thumba pa mutu. Wina akukankha wilibala. Wina waima kuti aonere, ndipo akuseka kumbuyo. Nthawi yabwino ndi m'mawa, katundu atangoyalidwa. Milu ya mbatatesi ikadali yaitali. Masamba sanafote. Anthu sanaculuke. Madzulo benchi limakhala litatha, pansi pali makoko, ndipo wogulitsa watopa.

Katundu ayalidwe monga amayalidwa masiku onse. Ena amabwereka matumba a anzao kuti benchi lioneke lodzaza. Si bwino kutero. Wogula adzabwera kufuna zimene anaona. Akapanda kuzipeza, sadzakhulupiriranso.

Munthu amene sagulitsa ku msika asapite kukajambulidwa kumeneko cifukwa ca kukongola kwa zipatso. Wosoka nsapato ataima pakati pa malalanje amasokoneza anthu. Kodi akugulitsa nsapato kapena malalanje?

Kupempha cilolezo

Malo alionse ali ndi mwini wake. Khoma lokongola lija ndi la munthu. Khonde la sitolo ndi la munthu. Ku msika kuli akuluakulu oyang'anira. Wofuna kujambula ayambe wapempha. Mawu ake ndi ocepa.

"Odi, amayi. Pepani, ndimafuna kujambula cithunzi ca malonda anga pafupi ndi khoma lanuli. Kodi mungandilole?"

Akalola, athokoze. Akakana, asakangane nao. Makoma ndi ambiri mu mzinda.

Nkhope ya munthu nayonso iri ndi mwini wake. Cithunzi ca malonda cimayenda kutali. Cimacoka pa foni iyi kupita pa foni ina, ndipo sicibwereranso. Pali anthu amene safuna kuti nkhope zao ziyende conco. Wometa tsitsi amene akufuna kuonetsa mutu umene wameta afunse mwini mutu. "Acimwene, ndingajambule? Ndidzaonetsa anthu nchito yanga." Ena amalola kujambula kumbuyo kwa mutu kokha. Zimenezo n'zokwanira.

Ana amakonda kamera. Akaona wina akujambula amathamangira. Koma mwana wa eni asalowe m'cithunzi ca malonda popanda makolo ake kulola. Ngakhale mwana wa m'nyumba momwemo asajambulidwe atavala yunifomu ya sukulu, pamodzi ndi khomo la kwao ndi nambala ya foni. Cithunzi cotere cimauza anthu osadziwika zinthu zambiri za mwanayo.

Pali malo ena amene sajambulidwa wamba. Malo a asilikali, polisi, bwalo la ndege ndi nyumba zina za boma ndi malo otetezedwa. Munthu wojambula pamenepo akhoza kuimitsidwa ndi kufunsidwa mafunso. Pa mlatho pamakhalanso apolisi. Ndi bwino kuwafunsa poyamba, kapena kuima patali ndithu, mlatho n'kumaoneka kumbuyo. Ku chalichi ndi ku mzikiti ndi malo opempherera. Si ulemu kuyalapo malonda cifukwa ca cithunzi.

Malo oopsa

Madzi a Zambezi amakongola, makamaka dzuwa likamalowa. Koma mu mtsinjemo muli ng'ona. Ng'ona imabisala pafupi ndi gombe, ndipo siioneka. Munthu wojambulidwa amafulatira madzi, maso ali ku kamera. Wojambula amati, "Bwererani m'mbuyo pang'ono." Phazi limodzi, mapazi awiri, munthu wafika pa madzi osadziwa. Amene akufuna mtsinje pa cithunzi aime pamtunda, kutali ndi madzi. Mtsinje ndi waukulu. Uoneka ndithu.

Msewu nawonso ndi woopsa. Msewu wocokera ku Tete kupita ku Moatize ndi ku Zóbuè umadutsa magalimoto ambiri. Wojambula akamafuna kuti khomo lonse lilowe m'cithunzi, amabwerera m'mbuyo, maso ali pa foni. Kumbuyo kwake kuli msewu. Pakhale munthu wacitatu woyang'ana magalimoto ndi njinga zamoto. Pa njanji sipoimapo konse, ngakhale sitima isakumveka.

Coopsa cina sicioneka msanga. Anthu ambiri amacitira malonda pa nyumba. Mayi wophika makeke amaphikira m'khichini mwake. Bambo wokonza mafoni amasunga mafoni a anthu m'cipinda. Cithunzi cojambulidwa m'kati mwa nyumba cimaonetsa zonse: wailesi, firiji, zenera lopanda zitsulo, pamene ndalama zimasungidwa. Si onse oona cithunzi amene ndi ogula. Ena ndi akuba. Ndi bwino kuturutsa keke, kuiika pa tebulo panja, ndi kutseka citseko.

Kuyendera malo

Mlimi salima munda asanauone. Wofuna cithunzi nayenso ayendere malo tsiku lisanafike. Apite m'mawa, aone. Apitenso madzulo, aone. Ajambule zithunzi zoyesera, pakuti pa foni kuyesa sikulipiritsa. Kenaka akhale pansi, aziyang'ane bwino.

Pa nchito imeneyi ana amathandiza kwambiri. Mwana ali ndi maso atsopano, ndipo sabisa mawu. Amayi amuonetse cithunzi, namufunse mafunso atatu aja. "Uyu ndani? Akucita ciyani? Ali kuti?" Mwana akayankha kuti, "Ndi inu amayi, mukusoka, muli pa khonde pafupi ndi mlambe," ndiye kuti cithunzi calankhula bwino. Akayankha kuti, "Ndikuona mbuzi," ndiye kuti mbuzi yalanda malo. Ijambulidwenso ina, mbuzi itathamangitsidwa. Ku Tete mbuzi sizisowa, ndipo sizipempha cilolezo.

Agogo nawonso aonetsedwe. Maso ao amafuna zinthu zazikulu ndi zoonekera bwino. Cimene agogo aona popanda kufunsa, wogula wa pa msewu acionanso.

Mwana akhoza kuthandiza m'njira zinanso. Akhoza kusesa pa khonde ndi kutola mapepala. Akhoza kuyang'ana cithunzithunzi cake pa bwalo, n'kukanena kuti catalika. Akhoza kugwira nsalu yoyera pafupi ndi nkhope ya amayi, mbali imene kuli mdima. Nsalu yoyera imabweza kuwala, ndipo nkhope imawala mbali zonse. Ojambula a nchito amagwiritsa cinthu conga comweco, cogula m'sitolo. Thumba loyera la ufa, locapa bwino, limagwira nchito imodzimodzi.

Malo amasintha. Mlambe umakhala zaka zambirimbiri, koma cigayo cimatsekedwa, khoma limapakidwa mtundu wina, ndipo xapa zimasintha poimira. Mwini malonda nayenso amasamuka. Wokonza njinga amene anali pafupi ndi cigayo ku Matundo akhoza kupeza malo ena ku Chingodzi. Cithunzi cakale cikapitiriza kuyenda, cimatumiza anthu ku khomo limene kuli munthu wina. Tsono akangofika pa malo atsopano, ayang'ane kumene dzuwa limaturukira, afune cizindikiro ca pafupi, apemphe kwa anansi, najambulenso. Cithunzi catsopano acitumize kwa ogula ake onse, ndipo cakale acicotse pa foni ndi pa cikwangwani.